Bambo Gregor Mendel, Wansembe Amene Adawerenga Nsawawa

Dzina la Bambo Gregor Mendel simungalipeze pa kalendala ya anthu oyera, ndipo palibe tsiku limene Mpingo umawakumbukira pa Misa. Ambiri a ife tidalimva koyamba ku sekondale, ndipo kawirikawiri aphunzitsi sankatchula n'komwe kuti mwini dzinalo adali wansembe. Komatu dokotala aliyense amene lero amauza banja kuti matenda a mwana wawo ndi akumtundu, ndi wofufuza aliyense amene amatenga magazi kuti aone ngati munthu ali pa chiopsezo cha shuga kapena khansa, akuyenda m'njira imene adailambula ndi wansembe ameneyu. Tafuna kufotokoza mbiri yawo chifukwa nkhani imene adaiyamba yafika pakhomo pathu kuno ku Mulanje, ndipo akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndiwo amayamba kufunsidwa mafunso ake.

Adabadwa pa 20 Julaye 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, umene lero umatchedwa Hynčice, m'dziko la Czech Republic. Pa nthawiyo deralo lidali pansi pa ufumu wa Austria. Paubatizo adatchedwa Johann. Makolo awo, a Anton ndi a Rosine, adali alimi wamba, ndipo Johann adakula ali mwana wamwamuna yekha pakati pa alongo awiri, Veronika ndi Theresia. A Anton ankakakamizidwa kugwira ntchito yosalipidwa masiku atatu pa sabata m'minda ya mwini malo. Amene tidamva kwa agogo athu mmene thangata adaliri m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo, sitifunika kufotokozeredwa zambiri za moyo wotere. Masiku otsalawo a Anton ankasamalira mitengo yawo ya zipatso ndi kuimezanitsa, mwana wawo akuwathandiza.

Aphunzitsi a m'mudzi adaona kuti mnyamatayo ndi wanzeru, motero mu 1834 adatumizidwa kusukulu ya ku Opava. Ndalama zidali zosakwanira, ndipo nthawi zambiri ankagona ndi njala. Mu 1838 chipika cha mtengo chidapsinja a Anton ali pa ntchito, ndipo sadakhalenso ndi mphamvu zolimira. Kuyambira pamenepo Johann ankadzipezera yekha chakudya pophunzitsa ana anzake. Thupi ndi maganizo zidalema. Kangapo konse adabwerera kwawo n'kukhala chigonere miyezi ingapo, popanda wodziwa chimene chikumuvuta. Atapita ku Olomouc kukapitiriza maphunziro, vuto lomweli lidabweranso. Amene adamuwombola ndi mlongo wake wamng'ono, Theresia, amene adapereka gawo la chuma chimene makolo adamusungira kuti adzalowe nacho m'banja. Mendel sadaiwale. Patapita zaka adaphunzitsa ana aamuna atatu a Theresia, ndipo awiri mwa iwo adakhala madokotala.

Mu 1843, ali ndi zaka 21, adalowa m'chipani cha Agustino Woyera, m'nyumba ya Tomasi Woyera mumzinda wa Brno, ndipo adalandira dzina la Gregor. Iwo eni sadabise kuti umphawi udawathandiza kusankha njira imeneyi, ndi kuti m'nyumbamo adapumula ku nkhawa ya chakudya. Ena zimenezi zimawakhumudwitsa. Ife sizitikhumudwitsa, pakuti tawaona ansembe ndi masisitere okhulupirika amene Mulungu adawaitana kudzera pa khomo lomweli. Mkulu wa nyumbayo, Abate Cyrill Napp, adali munthu wokonda maphunziro. Dera la Moravia linkalemera ndi ubweya wa nkhosa, ndipo a Napp ankakhala nawo pa misonkhano ya alimi oweta, kumene funso lalikulu lidali lakuti: kodi n'chiyani chimene kholo limapatsira mwana, ndipo limachipatsira motani?

Mendel adadzozedwa unsembe pa 6 Ogasiti 1847, ndipo adapatsidwa ntchito ya m'parishi imene inkaphatikizapo kuyendera odwala m'chipatala. Ntchitoyi idawakanika. Kuona anthu akuvutika ndi kumwalira kudawadwalitsa iwo omwe, kufikira a Napp adalembera Episkopi kuti wansembe wachinyamatayu sangathe ntchito ya m'parishi. M'malo mowataya, adawatumiza kukaphunzitsa ku Znojmo mu 1849. Ana asukulu adawakonda, koma mu 1850 adalephera mayeso a boma a uphunzitsi. A Napp sadafooke: adawatumiza ku yunivesite ya Vienna kuyambira 1851 mpaka 1853, kumene adaphunzira sayansi kwa Christian Doppler ndi za zomera kwa Franz Unger. Kumeneko ndiko adaphunzira kuti choonadi cha chilengedwe chimafuna kuyesa mobwerezabwereza ndi kuwerenga manambala. Mu 1856 adayesanso mayeso aja, koma adadwala asadamalize. Adaphunzitsa ku Brno zaka 14 opanda satifiketi.

Chaka chomwecho cha 1856 ndi chimene adayamba ntchito yawo ya m'dimba. Anthu ophunzira a nthawiyo ankakhulupirira kuti za bambo ndi za mayi zimasakanikirana mwa mwana monga mkaka usakanikira ndi tiyi, kotero kuti sungazilekanitsenso. Bambo Mendel adasankha nsawawa kuti ayese ngati zili choncho. Adasonkhanitsa mitundu 34, n'kuidzala zaka ziwiri kuti aone imene imabala yofanana ndi kholo lake nthawi zonse, ndipo adatsala ndi mitundu 22. Adasankha zizindikiro 7 zosavuta kuona, monga kutalika kapena kufupika kwa chomera, mtundu wa mbewu, ndi kusalala kapena kukwinyika kwake. Duwa la nsawawa limadzipatsa lokha mungu, motero ankatsegula duwa lililonse lisadakhwime, kuchotsa timitu ta mungu, kupakapo mungu wa chomera china, ndi kulimanga m'kathumba kuti tizilombo tisasokoneze. Adachita zimenezi mpaka 1863, ndipo zomera zimene adazisamalira zidakwana pafupifupi 28,000. Nthawi yonseyi ankaphunzitsabe, kuchita Misa ndi kupemphera pamodzi ndi abale awo.

Chimene adapeza n'chakuti ataphatikiza nsawawa yosalala ndi yokwinyika, ana onse adatuluka osalala, ngati kuti kukwinyika kwatheratu. Koma ana osalalawo atabereka, kukwinyika kudatulukiranso. Pa mbewu 7,324 zimene adawerenga, 5,474 zidali zosalala ndipo 1,850 zidali zokwinyika. Pa mtundu wa mbewu adapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa zizindikiro zonse 7 nambala idali imodzimodzi: pafupifupi zitatu za mbali iyi, imodzi ya mbali inayo. Apa adazindikira kuti palibe chimene chimasungunuka. Pa chizindikiro chilichonse chomera chimanyamula tinthu tiwiri, kamodzi kochokera kwa kholo ili, kena kwa kholo linalo. Kena n'kamphamvu ndipo kamaonekera. Kena kamabisala, nthawi zina mibadwo ingapo, ndipo kamaonekera pokhapokha mwana atakalandira kuchokera kwa makolo onse awiri. Tinthu timeneti lero timatchedwa majini. Tichenjeze pano kuti liwuli likufanana ndi lija timatchulira mizimu yovutitsa anthu, koma palibe ubale uliwonse. Katekisiti amene akufotokoza zimenezi ayambe walongosola mfundo imeneyi, kuopa kuti angawonjezere mantha pamene amafuna kuwachotsa.

Tiime kaye pano, chifukwa nsawawa yokwinyikayo ikutikhudza. Dokotala wa ku England, Archibald Garrod, adasonyeza mu 1902 kuti lamulo lomweli limagwira ntchito pa anthu, ndipo mu 1908 adatchula chialubino m'gulu la zinthu zimene zimayenda motere. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Mwana wachialubino amabadwa pamene bambo ndi mayi onse awiri anyamula kanthu kobisala kaja, ngakhale onse ali akhungu lakuda ndipo m'mabanja mwawo palibe amene akukumbukira wachialubino. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mwayi woti mwana abadwe wachialubino ndi umodzi pa inayi. Sitikunena kuti mwa ana anayi aliwonse mmodzi ayenera kukhala wotero. Banja lina lingabereke ana asanu ndi mmodzi popanda ndi mmodzi yemwe, lina n'kubereka awiri otsatizana. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi.

Tsono taganizani zimene zimachitika m'midzi mwathu. Mwana wotere akabadwa, amene amalozedwa chala ndi mayi. Ena amati adayenda ndi mzungu, ena amati adaseka wachialubino ali woyembekezera, ena amati kwawo kuli ufiti. Kuno kwathu, kumene mwamuna amakhala chikamwini, nkosavuta kuti anyamule chikwama chake n'kubwerera kwawo, akunena kuti ku mtundu kwawo kulibe zotere. Manambala a Bambo Mendel akumutsutsa: theka la nkhaniyo walinyamula yekha m'thupi mwake, ndipo adzapita nalo kulikonse kumene akakwatire. Palibe amene adachimwa. Mwanayo alibenso chizimba chilichonse m'mafupa mwake, ndipo kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda kwa anthu achialubino kumene kudakula m'dziko muno kuyambira chakumapeto kwa 2014 kudachokera pa bodza lopanda ngakhale kachidutswa ka choonadi. Matenda a sickle cell, amene amachititsa ana kuchepa magazi ndi kumva ululu woopsa m'mafupa, amayendanso m'njira yomweyi. Chodabwitsa n'chakuti mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, adasonyeza kuti amene wanyamula kanthu kamodzi kokha ka sickle cell amatetezeka ndithu ku malungo aakulu. Chimene banja lina likulira nacho ndi chomwenso chidapulumutsa makolo ake ambiri.

Bambo Mendel sadazione zonsezi. Adafotokoza zimene adapeza pa misonkhano iwiri ya bungwe la okonda zachilengedwe ku Brno, pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865, ndipo zidasindikizidwa mu 1866. Adatumiza makope kwa akatswiri osiyanasiyana, koma pafupifupi onse adakhala chete. Carl Nägeli wa ku Munich adawayankha, koma sadamvetse kukula kwa nkhaniyo. Mendel adathera zaka zotsatira pa chomera china chotchedwa Hieracium, chimene kawirikawiri chimabala mbewu popanda mungu, chinthu chimene pa nthawiyo sichinkadziwika. Zotsatira zake sizidagwirizane ndi za nsawawa, ndipo maso awo adatsala pang'ono kuwonongeka.

A Napp atamwalira, abale adasankha Bambo Mendel kukhala abate mu Malichi 1868. Ntchito ya m'ofesi idameza nthawi ya m'dimba, ngakhale adapitiriza kuweta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Ankadziwika ndi kupatsa. Koma boma litakhazikitsa msonkho watsopano pa nyumba za zipani mu 1874, adakana kulipira, ponena kuti lamulolo n'losalungama. Anzawo ena adagonja, iwo ayi, ndipo mkanganowo udawadya mpaka imfa. Kaya kudali kulimba mtima kapena kuuma mutu, mwina zonse ziwiri, pakuti munthu amene angawerenge mbewu 7,324 imodziimodzi sasintha maganizo msanga. Adamwalira ndi matenda a impso pa 6 Januwale 1884, tsiku la Epifaniya, ali ndi zaka 61. Amene adadza kumaliro ankalira abate wachifundo ndi mphunzitsi wabwino. Za nsawawa zidali zitaiwalika.

Mu 1900 akatswiri atatu, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, adafika pa mfundo zofanana ndi zawo, ndipo dzina la Mendel lidadzuka. Phindu lake talidya tonse, kuyambira chimanga cha haibulidi mpaka mitundu ya tiyi imene akatswiri a ku Mimosa, kuno ku Mulanje, akhala akuipanga pophatikiza mitengo yosankhidwa. Koma sipadapite nthawi anthu ena asadanene kuti ngati tisankha mbewu ndi nkhosa, tisankhenso anthu. Boma la Indiana ku America lidakhazikitsa mu 1907 lamulo lotseka mokakamiza anthu ena kuti asabereke, ndipo m'dziko lonselo anthu oposa 60,000 adachitidwa zimenezi. Ku Germany lamulo la pa 14 Julaye 1933 lidachititsa kuti anthu pafupifupi 400,000 atsekedwe: akhunyu, osamva, osaona, odwala misala. Kenaka adayamba kuwapha, ndipo pofika Ogasiti 1941 oposa 70,000 adali ataphedwa. Apapa Pius XI adali atatsutsa kale mu 1930, m'kalata yawo Casti Connubii, kuti boma lilibe mphamvu yodula kapena kuwononga thupi la munthu wosalakwa pofuna kukonza mtundu. Pa 3 Ogasiti 1941 Episkopi Clemens von Galen wa ku Münster adadzudzula poyera pa guwa kuphedwa kwa odwalawo. Tisaiwale kuti amene ankachita zimenezi sadali mbuli. Adali madokotala ndi mapulofesa, ndipo ankatchula dzina la Mendel. Adatenga nambala yonena za mwayi n'kuisandutsa chigamulo cha amene ayenera kukhala ndi moyo.

Kafukufuku wa lero ndi wosiyana ndi zimenezo, ndipo ambiri amene amamuchita akufuna kuchiza. Chiwerengereni pafupifupi DNA yonse ya munthu mu 2003, ofufuza akhala akusaka majini amene amakulitsa chiopsezo cha shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa ndi matenda a impso. Matenda amenewa satsata lamulo losavuta la nsawawa lija. Amadalira majini ambirimbiri pamodzi ndi zakudya, ntchito, fodya, mowa ndi ukalamba. Choncho munthu akauzidwa kuti ali pa chiopsezo, wauzidwa kuti mwina, sadauzidwe kuti adzadwala. Komanso kafukufuku wochuluka wachitika pa azungu, kotero zotsatira zake sizilosera bwino za munthu wa kuno. Ichi n'chifukwa chake ife sitigwirizana ndi amene amati Amalawi akane kafukufuku yense wotere. Tikakana, mankhwala adzapitiriza kupangidwa poyeza matupi a anthu ena.

Koma kafukufukuyu amafuna magazi, ndipo liwu lakuti magazi kuno ku Mulanje lili ndi bala. Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'boma lino ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka Blantyre. Anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, ndipo ntchito zaumoyo m'midzi zidasokonekera. Anamapopa kudalibe, ndipo amene adaphedwa adali osalakwa. Komabe mantha akuti alendo angatenge za m'thupi mwathu n'kukalemera nazo kutali sachoka ndi kunyozedwa. Amachoka pamene wofufuza afotokoza m'chinenero chimene munthu akumva, kaya Chichewa kaya Chilomwe, kuti magaziwo akupita kuti, adzasungidwa zaka zingati, adzawagwiritsa ntchito ndani, ndipo zotsatira zidzabwerera kwa ndani. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wachipatala kapena wasayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2295, amaphunzitsa zomwezo. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee. Munthu ali ndi ufulu wofunsa ngati chilolezo chimenechi chilipo, wokana popanda kutaya chithandizo cha kuchipatala, ndi wosiya pakati. Chidindo cha chala pa pepala limene munthu sadalimve si chilolezo. Kuvomera kwa amfumu kumatsegula mudzi, koma sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa mwini mkono.

Pali mfundo ina yovuta kwambiri imene pepala la chilolezo silingathe kuimaliza. Magazi a munthu mmodzi amaulula za mbumba yonse. Mayi akapezeka ndi jini yokulitsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere, nkhaniyo ikukhudza abale ake ndi ana ake, amene sadafunsidwe ndipo mwina sakufuna kudziwa. Kodi awauze? Kodi mwinimbumba ali ndi ufulu womva? Nanga zikamveka m'mudzi, atsikana a pabanjapo adzafunsiridwa? Kuyeza mwana wa sickle cell pamodzi ndi makolo ake kungathenso kuulula mwangozi kuti bambo amene akumulera si amene adamubereka. Achinyamata awiri okonzekera ukwati akapezeka kuti onse anyamula sickle cell, ayenera kuuzidwa zoona zonse ndi kuthandizidwa kuganiza mofatsa, koma kunyamula jini imeneyi si choletsa ukwati mu Mpingo, ndipo katekisiti kapena nkhoswe asawagamulire. Chinsinsi chotere chikafika kwa mtsogoleri wa mphakati, chithere pomwepo.

Mafunso amenewa adawafikanso Bambo Mendel m'manda mwawo. Pokonzekera kukumbukira zaka 200 chibadwire chawo, akatswiri a ku Masaryk University ku Brno adapempha kuti afukule mafupa awo n'kuwerenga DNA yawo. Akuluakulu a chipani cha Agustino Woyera adavomera, ndipo mu 2021 manda a chipanicho adatsegulidwa. Mudapezeka mabokosi asanu. Pofuna kutsimikiza kuti thupi lawo ndi liti, ofufuza adayerekeza DNA ya m'mafupa ndi ya tsitsi limene adalipeza m'buku lina limene Bambo Mendel ankawerenga. Atawerenga majini awo adapeza ena okhudzana ndi shuga, matenda a mtima ndi a impso, ndi ina imene imatchulidwa pa khunyu ndi matenda a mitsempha ya ubongo. Ena aganiza kuti imeneyi ingafotokoze kudwala kuja kumene kunkawagoneka ali mnyamata ndi kuwalepheretsa mayeso, koma kumeneku n'kuganizira chabe. Lamulo la ku Germany la 1933 lidatchula khunyu lakumtundu m'gulu la matenda oyenera kutsekera munthu.

Amene adavomereza kufukulako amakumbutsa kuti Bambo Mendel adapempha okha kuti thupi lawo lidzapimidwe akadzamwalira, ndipo lidapimidwadi mu 1884. Amene akukayika amayankha kuti kupima mtembo n'kosiyana ndi kulengeza ku dziko lonse za majini a munthu, makamaka poti magazi omwewo adayendanso mwa Veronika ndi Theresia ndi ana awo. Mwini wake sakadatha kufunsidwa. Adamuyankhira ndi abale ake a m'chipani. Patapita miyezi ingapo mafupawo adabwezeredwa m'manda momwemo, pamodzi ndi a ansembe anzawo anayi aja.